Chikwangwani cha Urdu cha ku Brampton

Salaam aleikum nonse.

Lero kuntchito kwathu kopulinta kunabwera mayi wina wa ku Pakistan, ali ndi shopu ya nsalu ku Brampton. Chikwangwani cha shopuyo chafufutika ndi chisanu, ndiye akufuna chatsopano, koma zilembo za Urdu, chiyankhulo cha kwawo, zikhale zomwezo ndendende. Amene anachikhoma ndi malemu bambo awo.

Abwana atafunsa amene angathe, ine ndinakweza dzanja msangamsanga. Ndimati paja ndinaphunzira Chiarabu kumadrasa ku Mangochi, nanga zilembo si zomwezi? Abale, ndinadzinamiza. Zathu zija zimakhala pamzere, izi zimatsetsereka ngati zikutsika phiri.

Ndinaika chithunzi cha chikwangwanicho, chimene mayiwo anabweretsa, pa mawebusayiti atatu ozindikira fonti, kapena kuti mtundu wa zilembo za pakompyuta. Awiri anandipatsa mafonti a Chiarabu, yachitatu inati palibe mawu alionse! Ndinachidula liwu limodzilimodzi, koma ayi ndithu.

Nditachikulitsa ndinaona chilembo chimodzi chili kumapeto kwa mawu atatu, koma michira yake yosiyana. Kompyuta sichita zimenezo. Ndinawaimbira mayiwo. Iwo anati, "Bambo ankalemba ndi bulashi. Ndinali nditaiwala."

Abwana akuti tingosankha fonti yofananako, palibe angasiyanitse. Ine ndakana. Loweruka ndikwera basi kukachijambula pafupi, ndipo ndidzatsatira dzanja la malemuwo chilembo ndi chilembo, ngakhale zinditengere sabata.

Achimwene a Yusufu, inu mwakhalitsa kuno, ndiuzeni ngati ndikuchita makani. Koma chikanakhala kuti analemba ndi bambo athu, mukanalola chofananako?