Pamene dzanja la Egya Essilfie linachedwa

Egya Essilfie anaimba ng'oma zaka makumi anayi kuno ku Takoradi, m'maliro, m'maukwati ndi m'mahotela a kudoko. Ine ndimakonza mawayilesi pakhonde la situdiyo ya Ebo Quansah, choncho ndinalipo tsiku limene Ebo anawaitana kuti adzaimbire ng'oma nyimbo ya mayi wina wa kwaya.

Anabwera atavala nsalu yawo yopitira kutchalitchi. Zala zawo zinali zitayamba kutupa ndi nyamakazi. Sankauza munthu, koma ndinkaona mmene ankagwirira kapu.

Atangoimba pang'ono, Ebo anakweza dzanja.

"Basi, Egya, zakwana."

"Zakwana bwanji? Ng'oma sinatenthe n'komwe."

"Taonani kuno." Ebo anasankha kachigawo kakang'ono ka zimene anali atangojambula pa kompyuta n'kudina. Kakafika kumapeto kankabwerera poyambira, osapuma. "Kameneka kadzaza nyimbo yonse. Kapumeni, madala."

Egya anatchera khutu. Katabwerera kachitatu, nkhope yawo inagwa.

"Imitsa. Pali pamene dzanja langa lachedwa. Wamva? Apo. Ndiimbenso."

"Pamenepo ndiye pokoma!" Ebo anaseka. "Mukufuna mundichotsere mchere m'ndiwo?"

"Mwana wanga, ndikalakwitsa pamaliro, cholakwacho chimapita ndi mphepo. Ichi chikungobwerera."

"Palibe adzazindikire."

"Ine ndazindikira."

Ebo anali atavala kale zomvera m'makutu.

Nyimboyo inatchuka. Inkamveka m'maminibasi athu otchedwa trotro, mumsika, kwa ometa. Egya ankakhala pabenchi langa, ndipo ikayamba pa wayilesi ankagogoda benchi ndi chala nthawi iliyonse dzanja lija likachedwa. Anawerenga okha. Munyimbo imodziyo linkachedwa maulendo makumi anayi ndi asanu ndi limodzi.

Kawiri konse Egya anakapempha Ebo kuti ajambulenso. Ebo anati zomwe zatuluka zatuluka, komanso kachigawoko anali atakaika kale m'nyimbo zina zitatu. Anyamata oimba ng'oma anayamba kuchedwetsa dala dzanja pamalo omwewo, n'kumati ndiko kaimbidwe ka Egya Essilfie.

Mwezi wa Ogasiti Egya anaitanidwa ku maliro a msodzi wina ku Sekondi. Ndinapita nawo. Tsiku limenelo zala zinawamvera, ndipo anaimba mwaukhondo ngati kale. Azimayi ovina anaima.

"Egya, imbani ngati pa wayilesi paja!"

Iwo anapitiriza mmene ankadziwira.

"Akalamba awa," anatero mayi wina mokweza. "Aiwala nyimbo yawo yomwe."

Mwana wa malemuyo analumikiza foni ku zokuzira mawu n'kuika nyimbo ija, anthu n'kuyambanso kuvina. Egya anakhala pamenepo manja ali pa maondo mpaka nyimboyo inatha.

Ng'omayo ili kwa ine tsopano. Anati ndiwasungire, sananene mpaka liti. Amabwerabe m'mawa kudzakhala pabenchi, ndipo ndikamayesa wayilesi ya munthu ndimatsitsa mawu ndisanafufuze siteshoni.