Buluku la Wotolera Ngongole

Makina anga osokera ndinawagula ndi ngongole, ndipo sindinachite nazo manyazi. Ndinkasoka pakhonde la nyumba ya lendi ku Chikanda, kumene kumadzadza ophunzira a ku koleji. Ana amenewo sasowa chosoketsa: wina akufuna kuchepetsa jinzi, wina zipi yaduka, wina wagula pa kaunjika diresi loti angalowemo awiri. Choncho kabungwe kena kobwereketsa ndalama katandiuza kuti ndizibweza Lachisanu lililonse, makinawo akhale chikole, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Kenaka ophunzira anapita kutchuthi chachitali, Chikanda yense n'kungoti zii. Ndinayamba kupereka theka, kenaka ndinayamba kupereka pepani. Wotolera ngongole anali bambo wina wamtali, woyenda pa njinga yamoto, wa buluku lakuda losita bwino. Sankakalipa ayi, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkandipsetsa mtima kwambiri.

"Mayi, munasayina nokha," anatero tsiku lina. "Sabata yamawa tikapanda kuona kanthu, tinyamula makinawa."

Makina amenewo ndiwo ankadyetsa ana anga. Ndinapempha kuti achepetse zopereka mpaka ophunzira abwere, iye anangoti zimenezo n'za kuofesi. Apa madzi anali atafika m'khosi, ndipo ndinaganiza zothawa ndi makinawo.

Achimwene anga amakhala pamwamba pa phiri la Zomba, amalima kachewere ndi masitiroberi. Amene anakhalako ku Zomba akudziwa kuti anthu a nkhuni amakwera phiri akukankha njinga zopanda katundu, n'kudzatsika atasanja nkhuni kupitirira mitu yawo. Ndinagwirizana ndi mmodzi, tinamanga miyendo ya makina pa njinga yake. Mutu wa makinawo ndinauika m'beseni, n'kuvundikira chitenje, n'kusenza. Ana ndinawasiya kwa mayi wa nyumba yoyandikana. Khosi linkawawa, koma ndinkangoseka ndekha njira yonse ngati mwana wothawa sukulu. Ndikacheuka n'kuona tauni ikucheperachepera kumunsi, mtima unkangoti myaa. Andipeze!

Ndinauza alamu anga, akazi a achimwene, kuti pasapezeke wodziwa kuti ndabwera. Anavomera ndi mtima wonse, kenaka anatulutsa yunifolomu ya mwana wawo yong'ambika m'khwapa. Inenso manja anayabwa, ndinasoka. Mawa lake kunabwera mnzawo wa kutchalitchi ndi nsalu. Mkuja, amayi onse ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anali atadziwa kuti kuphiri kwafika atelala, safunikanso kutsika kutauni chifukwa cha batani. Ankandinyadira ngati ndine chipatala chatsopano. Ndinkawauza kuti azilankhula motsitsa, iwo n'kumati, "Musadandaule, tikungouza anthu abwino okhaokha."

Tsiku limenelo kunachita nkhungu yoti sungaone mtengo uli patsogolo pako. Ndinali pakhonde, ndikupalasa makina, pamene ndinamva mawu a alamu akubwera kuchokera kumsewu.

"Alamu! Ndakubweretserani kasitomala! Agwa ndi njinga yamoto pokhota paja, abambo aulemu wawo. Konzani ulusi wakuda!"

M'nkhungumo munatuluka munthu wamtali, akuyenda chammbali, manja onse atagwira kumbuyo. Tinayang'anana. Anali wotolera ngongole uja. Ku Chikanda wina anamuuza kuti ndakwera phiri, iye n'kunditsata, koma msewu unali woterera. Buluku lake linang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pakati pa miyendo. Amayi a zipatso atamudzutsa, anamumvera chisoni, n'kumulondolera kwa atelala awo.

Ndinayang'ana makina, ndinayang'ana kunkhalango, n'kuona kuti kuthamanga ndi chitsulo chimenechi sindingathe. Iye anatsegula pakamwa, koma alamu anali atamupatsa kale chitenje.

"Lowani umo muvule, bambo, musachite manyazi. Awa ndi akatswiri."

Analowa. Buluku linatuluka lokha pazenera. Ine ndinalitenga, ndipo kunena zoona ndinalipsompsona mumtima. Ndinatenga lezala n'kusomola msoko wonse mpaka miyendo iwiri inasiyana, wina uku wina uko. Pokonza buluku long'ambika chonchi timatero ndithu, koma tsiku limenelo ndinasomola mokondwa.

Anatuluka atamanga chitenje cha maluwa ofiira, kumtunda shati ndi tayi, kumunsi masokosi. Anakhala pampando mawondo ataphatikiza.

"Mayi, mwativutitsatu," anatero.

"Makina anu ndi awa, bambo," ndinayankha. "Nyamulani. Koma mutsika phiri ndi chitenje chimenecho, mudutsa pamsika, mukalowa nacho mu ofesi."

Alamu apa ndi pamene anazindikira amene anamubweretsa. Anagwira pakamwa, kenaka anaphulika chikhakhali mpaka kukhala pansi. Bamboyo anayesa kulimba nkhope, koma anayang'ana miyendo yake, nayenso n'kuseka. Kuseka kutatha, ndinanena zakukhosi. Ndinati sindikukana ngongole, mlandu suwola, koma Lachisanu lililonse sindingathe mpaka ophunzira abwere. Ndinati akalanda makina, iwo akagulitsa motchipa, ine ndi ana anga tidzagona ndi njala, ndipo chotsala cha ngongoleyo sadzachionanso. Zinandikwiyitsa kuti akundiona ndikufuna kulira.

Anayang'ana mulu wa nsalu za anthu a kuphiri umene unali pamkeka. Anati nayenso akabwerera chimanjamanja amamudula malipiro. Kenaka anatenga foni, n'kukaima pachulu pamene pamagwira netiweki, chitenje chikuuluzika ndi mphepo. Ndinamumva akuti, "Bwana, mayiwa ndawapeza akugwira ntchito. Ndikuona ndi maso anga. Makinawa tikawanyamula taluza tonse." Anakambirana nthawi yaitali, ine phazi lili pa chopalasira koma osasoka.

Atabwerera anati, "Avomera. Kamodzi pamwezi, zochepa, mpaka sukulu itsegulidwe. Mubwere ku ofesi mudzasayine. Tsono mayi, chonde, kukuzizira."

Ndinapalasa makina ngati ndapenga. Msoko ndinaudutsa kawiri, n'kusita ndi simbi ya makala. Atavala anatembenuka uku ndi uku, n'kufunsa mtengo. Ndinamuuza mtengo weniweni, osawonjeza. Analipira.

Ndalamayo ndinaigwira pang'ono chabe, n'kuibwezera m'dzanja lake.

"Lembani, bambo," ndinatero. "Ndayamba kubweza."