Voti ya Darwish wosoka zishalo

Darwish ankasoka zishalo za abulu moyang'anizana ndi sitolo yanga, ndipo m'tauni yathu munalibe munthu wokonda kudya za eni ngati iyeyu. Kaya ndi ukwati, maliro kapena mdulidwe wa mwana, unkamupeza atafika kale, m'manja atasamba. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachinyadira: munthu amene wadya naye mkate ndi mchere sankamutembenukira, zivute zitani. "Bambo anga sanandisiyire munda," ankatero, "anandisiyira ulemu umenewu basi."

Chaka chimene lamulo la boma linafika loti tauni izisankha makhansala ake, mpando wa dera lathu anaulimbirana anthu awiri, Haji Tawfiq wopanga sopo ndi Niqula wogulitsa mafuta a azitona. Ovota anali amuna okhawo okhoma msonkho wa nyumba. Anali ochepa, moti aliyense ankanyengereredwa ngati mkwatibwi. Darwish anayenda mwezi wathunthu mimba ili patsogolo. Lero nkhosa yowotcha kwa Haji, mawa nkhunda ndi mpunga kwa Niqula.

"Achimwene," ndinamufunsa, "mchere wa nyumba ziwiri mudzaubweza bwanji ndi voti imodzi?"

"Zamawa n'zamawa, iwe. Tandipatsira madzi akumwa."

Tsiku lovota litakwana, zinamulowa. Kusankha Haji kunali kupereka Niqula, kusankha Niqula kunali kupereka Haji, ndipo kwa iye zonsezo zinali kulavulira manda a bambo ake. Anagona pamphasa, nadzimanga nsanza kumutu, n'kuuza mkazi wake Zahiya kuti alengeze zoti akutsirizika.

Haji anafika thukuta lili kamukamu, Niqula ali pambuyo pake. Adani awiriwo sanakambirane n'komwe. Anazula chitseko cha nyumba, n'kumugonekapo wodwalayo, wina kumutu wina kumiyendo, ulendo wa kubwalo kumene kunali bokosi loponyamo mavoti. Msika wonse unatsatira, woimba ng'oma za maukwati nayenso n'kuyambapo zake. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Limbani mtima, a Darwish," ankatero Haji, "mufe mutavota!"

"Musamugwedeze choncho, Haji! Ameneyu ndi wanga, wandithera nkhunda!"

"Anthu inu, ndisiyeni ndife mwamtendere," Darwish ankabuula, diso limodzi likusuzumira kothawira.

Pabokosi panali mlembi wa boma, bambo wa chipewa chofiira wosadziwa kumwetulira. Anayang'ana mtembo wamoyowo n'kufunsa kuti, "Nyumba mukukhalayo ndi ya yani?"

"Ndi yathu, bwana."

"Ndi yanga!" anafuula Zahiya m'chigulumo. "Anandisiyira bambo anga, msonkho ndimakhoma ndine."

"Ndiye bambowa alibe voti. Inunso mayi mulibe, akazi savota. Wotsatira!"

Haji ndi Niqula anayang'anana, kenako onse pamodzi anachitaya chitsekocho, phi! Darwish anadzuka pafumbipo atachira kotheratu. Anapsompsona mlembi masaya onse, anakumbatira Haji, anakumbatira Niqula, n'kuyamba kuvina nsanza ili lendelende, misozi ikutsika. "Sindinapereke munthu! Mwaona nonse, sindinapereke munthu!" Kunena zoona, sindinaonepo mwamuna akusangalala chotero atauzidwa pagulu kuti alibe kanthu. Zahiya analamula akuluakulu awiriwo kuti chitseko chake akachibwezeretse pamene anachizula, ndipo anachinyamuladi akunyinyirika.

Darwish anakalamba akusoka zishalo, osavotako ngakhale kamodzi, ndipo pa zisankho zotsatira panalibe womuitanira ngakhale khofi. Izi zinkamuwawa, koma mutu ankayenda nawo mmwamba.

Tsiku lina ndinamufunsa Zahiya chifukwa chake anakhala chete nthawi yonse ija, pomwe ankadziwa kuti mwamuna wake si wovota.

"Ndikanaululiranji, achimwene?" anatero. "Chikwatiwire, mwezi umenewo ndi wokhawo umene sindinamuphikire."