Nyumba ya pa Thabwa

Thabwalo linali chidutswa cha pulayiwudi chimene chinagwa m'lole yochokera ku Chikangawa. Linkanunkha utomoni wa paini. Bambo analitola dzinja limene anabwerako ku Joni ali mafupa okhaokha, ndipo ankaligoneka pamaondo pawo pakhonde, pensulo ili kukhutu.

Anali mmisiri womanga, koma chaka chimenecho ngakhale njerwa imodzi inkawalemera. Uvuni wathu wa njerwa unali utapsa kale kuseri kwa khola, udzu ukumera pamwamba. Ndiye nyumbayo ankaimanga pathabwa. Ankandiuza kuti diso lili ngati mbuzi, limalowa kumene walitsegulira. Mzere wogona umalikhazika pansi, woimirira umaliimitsa, koma wopendama umalithamangitsa. Denga analijambula losongoka kuti diso likwere, litsetserekere pakhonde. Njira anaiyamba yotakata m'munsi mwa thabwa, n'kumaichepetsa mpaka pachitseko. Mawindo nawo ankachepa motsatizana, onse kulondolera komweko.

Tsiku lina ndinawauza kuti diso langa likumatsetsereka padenga n'kugwera kunja kwa thabwa. Anapsa mtima. Anafufuta ndi chala chamalovu mpaka thabwa kuda, n'kujambula mtengo wamasamba obulungira kumanjako kuti uzilibweza.

"Palije wakufuma muno," anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti muno palibe wotuluka.

Mayi anali a ku Dedza, kumene ana ndi a mkazi. Kwathu kuno kufupi ndi Jenda, lobola ikaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Bambo ankakhulupirira kuti mkazi wokhala m'nyumba ya njerwa ndi malata abale sangamuchotse chisawawa n'kumulanda mwana. Lero ndimawakwiyira Bambo. Mphamvu zotsalazo akanaitana abale awo n'kulankhula anthu akumva, m'malo monola pensulo. Koma Bambo sankatha kulankhula, ankadziwa mizere basi.

Bambo aang'ono ankabwera kudzazonda matenda. Akaonetsedwa chithunzicho ankati nchiweme chomene, kutanthauza kuti n'chokongola kwambiri, maso ali ku uvuni.

Bambo anamwalira chimanga chisanakhwime. Njerwa zina zinamangira manda awo, zotsalazo bambo aang'ono anazituta pangolo. Kenako abale anakhala pabwalo, Mayi ali pansi payekha, mutu wometa, maso otupa. Ine ndinathamangira pakati pawo ndi thabwa lija. Ndinkaganiza kuti akangoona njirayo ndi chitsekocho abweza njerwa zathu. Palibe anaseka, palibenso analiyang'ana. Mayi anandikoka n'kundigwira mpaka zikhadabo kundilowa m'mkono, ine n'kumalimbalimba kuti andisiye ndionetse anthu nyumba yathu.

M'mawa mwake Mayi anakwera basi ya ku Dedza pa Jenda ndi chikwama chimodzi. Anandiuza kuti ndizimvera bambo aang'ono. Sindinalire, ndinangowakumbutsa kuti akamabwera tidzalondole njerwa. Sindinkadziwa kuti pabwalo paja nkhani ya njerwa inali itatha kale. Ankakambirana za ine.