Batire la Okonza Njinga

Chaka chimene mtedza unabereka mpaka kutitopetsa kwathu ku Mkanda ndi chaka chomwenso ndinapatsidwa ntchito imene sindinafunsire, yomasulira mafilimu a ku Korea. Ndinali nditangobwerera kumudzi mayeso a Fomu 4 atandikana. Chingerezi changa chomwecho, chimene sichinawasangalatse ochonga mayeso, pakhonde pa akulu anga chinali chaulemu wake. Anthu a m'filimu ankalankhula chinenero chakwawo, mawu a Chingerezi n'kumadutsa m'munsi mwa kanema, ine n'kumawatembenuzira m'Chichewa amayi oswa mtedza. Mafilimuwo ndinkakawaikitsa mu fulashi ku boda, ndikapita kukaoda zitenje za amayi aang'ono.

Tinkayamba dzuwa likapendeka, titawaza madzi pamtedza kuti makoko afewe. Kativi tinkakaika pampando, aliyense lichero lake pamiyendo. Mtedza unkasweka bwino nkhani ikamayenda, koma anthu awiri m'filimu akangoyandikizana nkhope, zala zonse pakhondepo zinkaima.

Woweruza wamkulu anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi athu. Iwowa sankaonera filimu, ankazenga mlandu.

"Kodi ku Korea kulibe atsibweni?" ankafunsa motero pafupifupi tsiku lililonse. "Ana awiri akungoyang'anana, kudya limodzi, kuberekana kumsana ataledzera, wamkulu wofunsa kuti zikupita kuti palibe. Mayi wa mnyamata yekha ndiye amatulukira, naye kudzathira mwana wa eni madzi kumaso."

Wolemba filimu ndiye ankamulalatira ngati ali pomwepo. Ankati munthu ameneyo akasowa chochita amaitana galimoto kuti igunde wina, wogundidwayo n'kuiwala dzina lake, kwawo ndi bwenzi lake lomwe, koma osaiwala kupesa. Poti wolembayo anali kutali, makoko ankagendedwa kwa ine. Ndinkati, "Amayi, ine ndikungowerenga." Iwo ankati, "Pakamwa pako ndi pomwe zatulukira."

Filimu imene inatigwira mtima chaka chimenecho inali ya mtsikana wophika buledi ndi amuna awiri. Wina anali mwana wa bwana, wamwano, wosadziwa kunena zikomo. Tinamutcha Wamwano. Winayo anali dokotala wa ziweto, wofatsa, amene mvula ikagwa ankangotulukira ndi ambulera, kumufunditsa mtsikanayo, iye phewa likunyowa. Ameneyu tinamutcha Waambulera, ndipo khonde lonse linali kumbali yake.

Chifukwa chake chinali pansi pa mtengo wa mango, pabwalo pomwepo.

Amuna awo a akulu anga anawoloka boda kupita ku Chipata, amvekere akukathandiza wa thiraki wina kwa miyezi yochepa. Kenako tinamva kuti ali ku Lusaka, kenako sitinamvenso kanthu. Mwana amene anamusiya ali kumsana anali atayamba sukulu. Akulu anga ankalima okha, kukolola okha, ndipo munthu akatchula za kusudzulana ankangoti, "Sanamwalire, sanandisiye, angochedwa." Atsibweni athu, amene anali nkhoswe ya banjalo, anatopa n'kufunsa.

Ndiye panali bambo ena okonza njinga pa Mkanda, amene akazi awo anamwalira kalekale. Munthu wosalankhulalankhula, wa manja akuda ndi girizi nthawi zonse. Iwowa anali atatuma mawu kudzera kwa atsibweni kuti akufuna banja. Akulu anga sanavomere, sanakanenso. Atapanikizidwa ndi amayi aang'ono pakhonde paja, anayankha maso ali pa kanema.

"Ndiyankha filimuyi ikatha. Ndione kaye mtsikanayu asankha ndani."

Tonse tinaseka, koma ine ndinawaona nkhope. Sankaseka.

Tsono kativi kathu kankayendera batire, ndipo batirelo linali la okonza njinga aja. Ankalitchaja pa sola yawo kumsika, masana n'kulimangirira pakaliyala, kupalasa mpaka kwathu, kulilumikiza, kenako n'kukakhala pansi pa mango kudikira kuti filimu ithe alitenge. Pakhonde pa amayi sankakhalapo. Ankapeza njinga ya aliyense pamudzipo n'kumaimanga masipoko, ngakhale ilibe vuto. Mawu aja a akulu anga anawafika, poti kwathu nkhani sigona panjira, komabe batire ankabwera nalo lodzaza. Ndinkawamvera chisoni bambo amenewo, zoona. Munthu kutchaja yekha moto woti umuotche.

Ndikunena choncho chifukwa mafilimu amenewa tinali titaonera angapo, ndipo tinkadziwa khalidwe la alembi a ku Korea. Mwamuna wabwino sapata mkazi. Amagwira ambulera kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, pamapeto n'kumwetulira ali yekha pamlatho. Ndipo m'filimu yathuyi Wamwano anali atakwera ndege kupita kunja osatsanzika, mtsikana n'kutsala akulirira mu ufa wa buledi. Sipankafunika sukulu kuti munthu aone akulu anga akudziona pati.

M'mawa wa tsiku la gawo lomaliza amayi aang'ono anandipeza kumjigo.

"Iwe, lero ukamamasulira ukhote."

"Ndikhote bwanji, amayi?"

"Wamwano uja akabwera, unene kuti wabwera kudzatsanzika. Unene kuti wakwatira kunjako, ali ndi ana."

"Nanga akakumbatirana? Zithunzi ndiye sindingazimasulire."

Anaganiza pang'ono, chidebe chikusefukira. "Unene kuti apeza kuti ndi pachibale. Alembi amenewa amachita zimenezo, palibe angadabwe."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi, koma kunena zoona maganizowo ndinapita nawo kunyumba. Akulu anga ndimawakonda, ndipo ndinali nditatopa kuwaona akutembenuka thiraki iliyonse ikamveka kumsewu. Koma tisanayatse n'komwe kativi, iwo anandiyang'ana n'kuti, "Uwerenge zomwe zalembedwa. Ndikukudziwa iwe, ndipo amayi aang'ono ndikuwadziwa." Amayi aang'ono anangoyamba kuswa mtedza mwaukali.

Tsiku limenelo khonde linadzaza. Anabwera ngakhale amayi a kumpingo amene ankati mafilimuwa ndi achikunja. Pansi pa mango okonza njinga anali atagwira gudumu la njinga yanga, limene anali atalikonza kale dzulo lake.

Gawolo linayamba bwino. Waambulera anamuuza mtsikana zakukhosi kwake, ine n'kumasulira ndi mtima wanga wonse, mwina n'kuthirako mchere pang'ono. Mtsikana analira, n'kupepesa. Amayi aang'ono anati, "Basi, watha mwana wa eni." Kenako kanema anada bii, pakati n'kutuluka mawu oyera. Ndinawerenga: "Patapita zaka zitatu." Kuwala kutabwerera, mtsikana uja anali ndi shopu yakeyake, tsitsi atadula, khungu lili see. Zoyera zija zimagwa kumwamba kwawoko nthawi yozizira zinayamba kugwa, chitseko chinatseguka, Wamwano n'kulowa atavala jasi lalitali. Anangoti, "Ndachedwa." Mtsikana anamwetulira, nyimbo inalira, mayina n'kuyamba kukwera.

Pakhondepo panabuka chipwirikiti. Wina anati wolembayo sanakwatiwepo. Wina anati gawo lenileni alibisa a ku boda, ndibwerere ndikalitenge. Amayi a kumpingo aja ndiwo anakwiya kuposa tonse, amvekere munthu wosowa zaka zonsezo amayenera kuyamba wakhala pansi ndi ankhoswe, afotokoze kumene anali, asanagwire ngakhale chala cha mwana wa eni. Amayi aang'ono anandikhuthulira makoko a lichero lonse pamutu.

Akulu anga okha ndiwo anangoyang'anabe kanema, mtedza uli m'manja osauswa. Ndinadziwa kuti basi, tidikiranso thiraki.

"Tabweza," anatero akulu anga.

"Pomwe akulowa pakhomo?"

"Ayi. Pakuda paja."

Ndinabweza, n'kuimitsa pa mawu oyera aja.

"Pamenepa palembedwa chiyani?"

"Patapita zaka zitatu, asisi."

"Ndiye zakazo zili kuti? Sanationetse?"

"Sanationetse. Amangolemba choncho, kenako zatha."

Anayang'anitsitsa kanema wakudayo.

"Ndiye kuti mtsikanayu sanadikire," anatero akulu anga pang'onopang'ono. "Amudumphitsa. Sanadwalitse mwana yekha, denga silinamudonthere, sanapalire munda mvula ili pamsana. Angomuzimitsira magetsi, poyatsa mwamuna wafika. Kudikira kotero ndiye nanenso ndingakhululuke." Anaponya mtedza uja m'lichero. "Zanga palibe anandidumphitsa. Ndinazilima ndekha, chaka ndi chaka, ndipo ndatopa."

Mawu akuti ndatopa sindinawamvepo pakamwa pawo chichokereni alamu aja. Misozi inandilengeza, ndipo amayi aang'ono, amene samasowa chonena, anangokoka mpango wawo n'kupukuta mphuno.

Okonza njinga aja phokoso lija anali atalimva, ndipo anadziwa tanthauzo lake, poti dzina la Waambulera linkamveka mpaka kumango limodzi ndi mawu achisoni. Anabwera mwakachetechete ngati masiku onse, chipewa chili m'manja, n'kugwada pafupi ndi mpando kuti amasule mawaya. Sanayang'ane munthu. Zala zawo, zimene zimamanga sipoko osayang'ana, zinkalephera kumasula kawaya kamodzi.

"Bambo," anatero akulu anga.

"Mayi."

"Batire limeneli ndi lolemera. Kumangolinyamula tsiku ndi tsiku, mudzathyoka msana. Lisiyeni m'nyumba muno."

Bambowo anakweza mutu, kuyang'ana akulu anga, kuyang'ana batire, kenako n'kuyang'ana ine ngati ndiwamasulire. Kwathu mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, ndipo katundu wake akayamba kugona m'nyumba, mwini wake sakhala kutali. Ndinangowagwedezera mutu.

"Koma mudzere kwa atsibweni," anapitiriza akulu anga, akutola lichero lawo. "Ayambe akathetsa zakale ndi ankhoswe a kuchimuna, zonse ziyende m'njira yake. Kuno si ku Korea."

"Ndamva, mayi," anatero bambowo. Anaimirira, kuvala chipewa, kuchivulanso, kutsanzika aliyense pakhondepo mmodzimmodzi mpaka amayi a kumpingo, n'kuuyamba ulendo wa kwa atsibweni nthawi yomweyo. Tinawaona akulowa m'kanjira ka m'munda wapansi, akuyenda mwandawala. Njinga yawo anaiiwala pansi pa mango.