Masipuling'i Atatu a Dalton

Watson Kalilangwe atha kukuuzani kulemera kwanu osakukwezani pa sikelo. Inu mungokhala pa njinga, iye n'kugwada kumbuyo kwanu, kuyang'ana mmene shoko, chija chomeza mabampu, yatitimirira, basi wadziwa. Azungu otsetsereka pa njinga m'mapiri a ku Ticknock amamunena kuti ndi mfiti, ndipo kale iye ankaseka nawo. Masiku ano saseka. Pakhoma la shopu imene amagwirako ntchito ku Rathmines, mu mzinda wa Dublin, pali msomali, pamsomalipo pali masipuling'i atatu abwinobwino. George, mwini shopu, wayesapo kawiri kuwabwezera pa shelefu kuti agulitsidwe, kawiri konseko Watson wakana.

Anabadwira ku Lunzu, mwana wa wokonza njinga. Bambo ake anali ndi malo pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndipo kumeneko njinga yabwino inali yolimba basi. Unkawonjezera masipoko, kuwotcherera chitsulo pa kaliyala, mpaka isenze matumba atatu a makala osalira. Watson anafika ku Ireland mu 2007, nakhala zaka zinayi ku hositelo kudikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito. Manja ankamuyabwa. Ankatola njinga zotayidwa n'kumakonzera anzake, zaulere, kuti mutu usazungulire. Mapepala atatuluka anayamba wasamalira okalamba, kufikira tsiku lina atalowa mu shopu ya George kukagula tcheni, n'kumupeza akulimbana ndi gudumu lopindika. Watson anapempha sipanala, naliwongola ali chiimire, jekete lili m'thupi.

Tsiku loyamba pa ntchito anaona njinga ya m'phiri ikupindika pakati munthu atakhalapo, iye n'kufuula kuti, “Bwana, yathyoka iyi!” George anaseka mpaka misozi. Koma zaka khumi zitapita, anthu ankachokera kutali kudzafunsa Watson, osati George.

Pa nkhani ya mashoko akumbuyo Watson anali ndi mbali yake, ndipo sankaibisa. Mashoko alipo a mitundu iwiri. Ina ndi ya sipuling'i: yolemera inde, koma imameza miyala ndi mizu bwinobwino, sitentha ngakhale mtsetse utalike bwanji. Vuto lake n'lakuti sipuling'i iliyonse ili ndi nambala yake yolembedwa poyera, yogwirizana ndi kulemera kwa wokwera, ndiye thupi likasintha muyenera kuvula yonse n'kuika ina. Ina ndi ya mpweya: yopepuka, mumangopopa kapena kuphwetsa pang'ono, mwathana nazo. “Imeneyo ndi ya anthu aulesi,” ankatero Watson. “Ya sipuling'i sinama.” Kaya ndi iti, lamulo lake linali limodzi: munthu akakhala pa njinga, shoko ititimire 30 peresenti. Ikapanda kufika pamenepo, ndiye kuti sipuling'i yamukulira, njinga izimuponya ngati bulu wolusa.

Ndiye panali Dalton. Aa, Dalton! Mnyamata wa ku Mulanje, dalaivala wa vani yoperekera katundu, wokhala yekha m'kafulati ku Citywest. Chimunthu, 96 kilos, mawu ngati ali ndi sipika pakhosi. Mkazi wake Mwaiwawo ndi ana awiri anali ku Limbe, kudikira mapepala oti amutsatire. Mwa Amalawi onse amene Watson ankawadziwa ku Dublin, Dalton yekha ndi amene ankatsetsereka m'phiri, ndipo kutchalitchi ankamunena kuti mutu wake sukoka bwino. Iye ankangoti, “Ine ndinakulira m'minda ya tiyi pa njinga yopanda mabuleki. Kuno andipatsa mabuleki ndi chipewa, mukuti ndiope chiyani?” Loweruka lililonse akachoka kuphiri ankadzera ku shopu, matope mpaka m'makutu, kudzasimba mmene wadumphira. Watson anamuikira sipuling'i ya 550, ndipo kwa zaka zitatu njingayo sinadandaule.

Mwezi wa Malichi chaka chatha Dalton anabwera akukwinya nkhope.

“Achimwene, njinga ija yayamba mwano. Ikundimenya kumbuyo.”

“Takwerani tione,” anatero Watson.

Anagwada, nayeza. 24 peresenti. Anayezanso, poganiza kuti maso amunamiza. 24 yomweyo. Munthu uyu anali atataya pafupifupi 8 kilos, ndipo m'chijekete chake chachikulu chija sizinkaoneka. Watson anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, “Sipuling'i yatopa iyi.” Bodza lake lopanda ndi mchere womwe! Sipuling'i ikatopa imafewa, siuma. Anavula ya 550, naika ya 500. Yakaleyo anaimata katepi, nalembapo deti monga amachitira ndi chilichonse chimene wavula, n'kuipachika pamsomali.

Musafulumire kumuweruza, ngakhale iye anadziweruza kale. Watson anali ndi mkulu wake, Useni, amene anamwalira mu 1998. Nthawi imeneyo ku Lunzu maliro ankagundana, ndipo aliyense ankadziwa kuti zimayamba bwanji: malaya kukula, lamba kuboola bowo lina. Mayi wina woyandikana nawo nyumba ananena pa mpopi, mokweza, kuti, “Useni wathatu thupi.” Amayi ake a Watson sanamupatsenso moni mayi ameneyo mpaka kulowa m'manda. Watson anali ndi zaka 16, ndipo anaphunzira pomwepo kuti munthu umamuuza kuti wanenepa, ngakhale ukunama, chifukwa kumeneko n'kumufunira moyo. Kumuuza kuti waonda kunali ngati kumuyezera bokosi. Mawu amenewo Watson anawoloka nawo nyanja ali omangidwa pakhosi, osawatchulapo ndi kamodzi komwe.

Mu Juni njinga inayambanso kumenya. Dalton atavula jekete, Watson anaona wotchi ikuseweraseweratu pa dzanja.

“Masewerawa akundipepukitsa,” anatero Dalton akuseka. “Mwaiwawo adzapeza mnyamata.”

“Eetu, masewera amatero,” Watson anavomera msangamsanga. Munthu amene wakwera phiri lomwelo zaka zitatu osataya ndi kilo imodzi, lero masewera amupepukitse? Anaika ya 450. Ya 500 inapita pamsomali.

Madzulo amenewo anatsala pang'ono kuuza mkazi wake Dinah, amene amasamalira odwala kuchipatala cha Beaumont ndipo saopa kutchula matenda ndi dzina lake. Koma Dinah anali atatopa, mapazi ali m'beseni la madzi otentha, ndipo Watson anadziuza kuti anena mawa. Mawa lake anati nkhani ya thupi la mwamuna mnzako siilowa m'nyumba.

Tsiku limene limamudya kwambiri ndi Loweruka lina mu Seputembala. George anali atatuluka kukagula khofi. Dalton anakwera njinga mu shopu muja, Watson atagwada kumbuyo kwake, moti sankaonana nkhope. Mwina n'chifukwa chake Dalton analimba mtima.

“Achimwene,” anatero motsitsa mawu, zimene sizinali zake. “Ndiuzeni zoona. Ndi ine kapena ndi shoko?”

Watson ankaona msana wa mnzake, mafupa akuwerengeka pansi pa malaya. Sipuling'i yotsatira inali ya 400, ya anyamata a kusekondale, ndipo nambala yake ikanalembedwa poyera pamene Dalton akanaiwerenga tsiku lililonse.

“Ndi shoko,” anatero Watson. “Mtundu umenewu wayamba kuvuta. Tikuikireni ya mpweya.”

Dalton anatembenuka. “Ya mpweya? Inuyo? Si inu munkati ndi ya aulesi?”

“Zatsopanozi azikonza bwino.”

Dalton anaseka, kuseka kwa munthu amene wamasulidwa, namumenya paphewa. Watson anaika shoko ya mpweya, ndipo anaichuna bwino kuposa iliyonse imene anachunapo. Loweruka lililonse pambuyo pake ankanamizira kuti akuona ngati ikutaya mpweya, n'kuphwetsako pang'ono Dalton akuyang'ana kumbali. Njinga inkayenda ngati pa mphasa. Dalton ankauza aliyense kuphiri kuti makaniko wake ndi katswiri. Ndipo n'zoona, anali katswiri: chinthu chokhacho chimene chinkamuuza Dalton kuti thupi silili bwino, Watson anachitseka pakamwa ndi manja ake.

Mu Novembala Dalton anagwa. Sanagwe pa njinga ayi, anagwa ndi katoni m'manja pakhomo pa kasitomala, masana dzuwa likuswa mtengo, ngati ku Dublin kuli dzuwa lotero. Patatha masiku asanu madokotala anapeza khansa ya m'matumbo, itafika kale ku chiwindi.

Dinah ndi amene anayamba kukamuona, ndipo atabwerako anadzera ku shopu, yunifolomu ili m'thupi.

“Bambo a Tiza, adokotala akufuna kudziwa kuti kuonda kunayamba liti. Dalton alibe sikelo, akuti tifunse inu. Mukudziwapo chiyani inu?”

Watson anatambasula dzanja, natsitsa masipuling'i atatu aja, nawaika pa tebulo. Dinah anawerenga matepi, mmodzimmodzi. Anawerenganso loyamba.

“Malichi?” anatero. “Bambo a Tiza, Malichi?”

“Ndikanayamba bwanji? Munthu umamuuza bwanji zoterozo?”

“Ndi pakamwa! Kuno si ku Lunzu kwa 1998, mwamva? Anthu amachira kuno, ndimawaona ndi maso angawa akutuluka pa geti. Sindikuti akanachira, sindine Mulungu. Koma miyezi eyiti, bambo inu! Munthu ali yekha, mkazi wake amangomuona nkhope pa foni, ndiye amene munali ndi maso munali inu.”

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anatola chikwama chake n'kukakwera basi.

Watson anatenga masiku atatu kuti apite kuchipatala. Ankafika pa siteji, basi n'kubwera, iye n'kuisiya ipite. Manyazi anali atamugwira, osati a mwana wakuba shuga, koma a munthu wamkulu. Tsiku lachitatu, Lamlungu masana, anakwera, masipuling'i ali m'jumbo.

Anamupeza Dalton atatsamira mapilo, machubu m'dzanja. Popanda jekete lija panalibenso chobisa. Watson anakhuthulira masipuling'i pa bulangete, nakhala pampando, chipewa chili m'manja.

“Sinali shoko,” anatero.

Dalton anatola ya 550, naiyeza m'dzanja. Inkamulemera.

“Ndinkadziwa theka,” anatero. “Lamba ndinaboola kawiri. Koma dokotala ndinkamuopa, ndiye ndinati ndifunse achimwene, iwo sanama pa za njinga. Ndinalumbira mumtima tsiku lija kuti mukati ndi ine, Lolemba ndikupita kuchipatala.” Anaibweza pa bulangete. “Mutati ndi shoko, ndinagula nkhuku yathunthu kukondwerera. Ndinadya ntchafu imodzi basi.”

Sananene mokwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuthyola Watson. Analira, bambo wa zaka 42, pamaso pa azungu atatu a m'mabedi ena. Anapepesa, napepesanso.

“Basi, basi,” anatero Dalton. “Misozi siikonza njinga. Pali ntchito ina imene ndikufuna mundigwirire.” Anatenga foni pa kabati. “Mwaiwawo sakudziwa. Ndakhala ndikumuuza kuti kamera yawonongeka. Akudziwa kuti ndili kuchipatala, koma ndinati ndi zilonda za m'mimba. Ndayesa katatu, pakamwa pakukana. Mumuuze inu.”

“Ine?”

“Inu amene. Munayamba kuona ndinu.”

Watson anayang'ana kukhomo. Likanakhala tsiku lina akanapeza chonena, akanati adikire Dinah, akanati abusa ndi amene amadziwa kuyala nkhani zotere. Koma foni inali itayamba kale kuitana, ndipo Dalton anali atamufumbatitsa m'manja mwake muja, mokhala mafuta akuda m'zikhadabo. Inaitana kanayi. Kenako panaoneka nkhope ya Mwaiwawo, ali pakhonde ku Limbe, mpango kumutu, kumbuyo kwake ana akukanganirana mpira.

“Ii, alamu! Mwatikumbuka lero? Nanga eni ake foni ali kuti, kamera ija yakonzedwa?”

Dalton anali atatseka maso, dzanja lili pa sipuling'i ya 550.

“Alamu,” anatero Watson, “khalani pansi kaye, anawo apite kuseri. Dalton waonda. Waonda kwambiri, ndipo ine ndakhala ndikudziwa kuyambira Malichi.”