Buku Lakuchipatala Pansi pa Sutikesi Yanu

Amama, dzulo denga linadontha, ndiye ndatsitsa sutikesi yanu ija kuti ndiyanike mapepala. Chimwalirireni inu ndinali ndisanaitsegule. Muli setifiketi yaukwati, makadi athu a sikelo, ndi makalata omwe munkalembera madokotala ofufuza za khansa ya m'mawere, kuwachonderera kuti adzamve amayi a ku Mlowe. Pansi penipeni ndapeza buku lanu lakuchipatala. Bukuli likuonetsa kuti chotupa cha m'bere chija anachipeza ine ndisanakwatiwe, Amama, koma ife munatiuza patatha zaka ziwiri. Ndakumbuka mukusoka diresi langa laukwati pakhonde. Singano inakupulumukani, inu n'kugwira m'khwapa. Nditafunsa, munaseka: "Palije kanthu, mwana wane, ima bwino ndikuyeze." Ine ndinaimadi bwino, n'kumadandaula kuti diresi latalika.

Munkakalipira amayi anzanu obisa matenda, nanga inu munabisiranji? Ofufuza aja apempha mapepala anu onse kuti akawasunge. Bukuli ndaliika padera, ndalibwezera, ndalichotsanso. Adada sakudziwa kanthu. Ali panja, akundiitana kuti ndikawawerengere zomwe ndapeza, koma ine ndidakali m'nyumba, bukuli lili m'manja.